Pulani Yokana Kutseguka

Anakumana Lolemba, tsiku limene pulinta inatafuna mapepala atatu ndipo mutu unali ukumuwawa chiyambire m'mawa. Mu ofesimo onse ankamutcha Namizere, chifukwa kwa zaka zisanu ndi zinayi ntchito yake inali kujambula mapulani a nyumba za eni ake, pa kompyuta yokalamba yolira ngati chigayo.

Kunalowa mwamuna wa shati yoyera, chipewa cholimba cha omanga chili m'khwapa, fulashi ili m'manja.

"Achemwali, tandisindikizirani pulani iyi. Amisiri akundidikira."

Namizere analowetsa fulashi n'kudina fayilo. Kompyuta inaganiza, inaganiza, kenako inatulutsa kabokosi kake ka masiku onse: fayiloyi inasevedwa ndi pulogalamu yatsopano, yakale singaitsegule.

"Sizitheka. Pulogalamu yanu ndi ya chaka chino, yathuyi ndi yamakedzana. Bwererani mukaiseve m'mtundu wakale. Posevapo pali posankha chaka."

"Ndiye kuti yatsopano imamva zakale, koma yakale simva zatsopano?"

"Ngati anthu omwe. Wotsatira!"

Panalibe wotsatira. Mwamunayo anayang'ana benchi yopanda munthu, n'kuseka mpaka kugwira khoma.

M'mawa mwake anabweranso, fayilo ataiseva bwinobwino. Patebulo anaikaponso kapaketi ka mankhwala a mutu.

"Dzulo mumangogwira pachipumi," anatero.

Ndani anali ataonapo chipumi chake m'zaka zisanu ndi zinayi? Munthu wotopa safuna zambiri. Nambala ya foni anapereka tsiku lomwelo, n'kuisunga ya mwamunayo kuti Injiniya.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula.

"Wadzuka bwanji, nsanamira yanga? Popanda iwe denga langa ligwa."

"Lichirikizeni ndi mtengo, ine ndili pa ntchito."

"Mtengo umafumbwa, switi. Iwe ndiwe konkire!"

Achemwali ake a Namizere, omwe ankakhala nawo nyumba imodzi, anawerenga uthengawo akusita yunifolomu yawo.

"Pakamwa poterera chonchi anayesererapo kale pa wina, mng'ono wanga. Kwawo unafikako?"

"Ali otanganidwa."

"Ehe. Onse amakhala otanganidwa."

Mwezi wachisanu, ali pamalo odikirira basi, Injiniya anamugwira manja onse awiri. Kampani inali itamusamutsira mwamunayo ku tauni ina, ulendo wa maola anayi, ndipo anati kumeneko ali ndi malo.

"Ndikukumangira nyumba, duwa langa. Tchula chomwe ukufunamo."

Namizere anali atajambula makhitchini mazana, mabafa mazana, koma palibe anali atamufunsapo zimenezo.

"Chipinda chimodzi cha zenera lalikulu, ndiikepo tebulo langa. Ndatopa kujambulira mumdima."

"Zenera lochokera pansi mpaka kudenga! Ndikulonjeza. Ukadzalowamo sudzatopanso."

Patapita masiku awiri fayilo inafika, dzina lake NYUMBA YATHU. Anaidina. Kabokosi kaja!

"Wanga, siikutseguka. Iseveni m'mtundu wakale."

"Mawa, switi."

Mawa linafika n'kupita. Tsiku lina laputopu inali kwa amisiri. Tsiku lina magetsi. Kenako anati: "Ukaibweza kumbuyo zina zimasokonekera. Sindikufuna uione nyumba yako itapunduka. Tidzatsegulira limodzi, mutu wako uli paphewa langa."

Zithunzi zokha ndiye ankatumiza: maziko, makoma ofika m'chiuno, milu ya mchenga. Namizere ankadziwa bwino kuti kuseva fayilo m'mtundu wakale n'kudina kawiri basi. Ankadziwa! Koma nthawi ya nkhomaliro iliyonse ankaidinabe fayiloyo, ngati kuti kompyuta idzamumvera chisoni.

"Siya ntchitoyo, nsanamira yanga. Bwera udzayang'anire wekha denga likamakwera."

Namizere analemba kalata yosiya ntchito n'kuiika m'dirowa. Anati aipereka Lachisanu.

Lachinayi abwana, nkhalamba yovala magalasi awiri pakhosi, anafika akung'ung'udza.

"Ndatopa kubweza makasitomala chifukwa cha kabokosi kameneka. Ndaikamo kapulogalamu kosandutsa mafayilo atsopano kukhala akale. Namizere, tayesa. Uli nayo ina yokana?"

Anali nayo imodzi.

Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Anadina. Chigayo chinalira, ndipo nyumba inatambasuka pa sikirini. Yosanja! Khonde lalitali, masitepe okhota, ndipo kumbali ya kum'mawa, zenera lochokera pansi mpaka kudenga. Namizere anagwira pakamwa. Achemwali aja adzanena chiyani tsopano?

"Yatseguka!" anatero abwana, atawerama kumbuyo kwake. "Koma malemba ali kuti? Kapena kapulogalamuka kawadya? Tayatsa magawo onse tione."

Pulani ya pa kompyuta imakhala m'magawo: makoma paokha, mapaipi paokha, malemba paokha. Gawo la malemba linali lozimitsa. Namizere analiyatsa, ndipo mayina a zipinda anatulukira onse nthawi imodzi.

Abwana anasintha magalasi n'kuyamba kuwerenga mokweza.

"Pabalaza. Mosungira katundu. Chipinda cha mapasa. Ichi cha zenera lalikuluchi... chosokeramo cha amake mapasa. Palinso timalemba tofiira apa: madamu akuti zenera likule, ulusi sakuuona." Anaseka. "Koma bambo ameneyu mkazi wake amamukonda, eti! Kasitomala wathu?"

"Anabwerapo kawiri," anatero Namizere.

Anayang'ana pakona pomwe pamalembedwa tsiku. Pulaniyo inajambulidwa chaka chathunthu iwo asanakumane. N'chifukwa chake Injiniya analonjeza zenera osaganiza n'komwe. Linalipo kale! Ndipo anamutumizira nyumba yeniyeniyo mopanda mantha, podziwa kuti kompyuta ya Namizere ndi yokalamba. Namizere adamuphunzitsa yekha zimenezi Lolemba lija.

Sanalire. Anangomva kutopa kukutsika m'mapewa mpaka m'mawondo, kutopa kwa munthu amene wathamangira basi yolakwika. Maso ake, ozolowera ntchito, anapitiriza kuyenda m'mizere okha, mpaka anaima pamwamba pa masitepe.

Foni inanjenjemera.

"Nsanamira yanga, kalata ija wapereka? Ndikuwerenga masiku!"

Analemba, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Kachitatu anatumiza.

"A Injiniya, fayilo yanu yatseguka. Chitseko cha chipinda cha mapasa chikutsegukira pamasitepe. Mukonze denga lisanakwere, ana angagwe."

Foni inayamba kuitana nthawi yomweyo. Inaduka, n'kuitananso. Anaitembenuza chafufumimba.

"Pepala loyesera pulinta lilipo?" anafunsa abwana. "Tione ngati isindikiza bwino."

Namizere anatsegula dirowa, n'kutulutsa kalata ija, n'kuilowetsa mu pulinta chozondotsa. Kona ya khonde inatuluka kumbuyo kwa kalatayo, mizere yowongoka bwino.

Pabenchi panali patakhala mayi wina ndi fulashi m'manja. Namizere anameza mankhwala a mutu, omaliza m'kapaketi kaja.

"Wotsatira," anatero.