Thumba la Masamba Ofota

"Mayi, masamba ofotawa mumakawataya kuti?"

Anandifunsa motero amayi osesa mumsika, madzulo ena ndikupukuta benchi langa. Anali atangoyamba kumene ntchito, munthu wochepa thupi, wosayang'ana anthu m'maso. Ndinati kudzala. Anati ndiziwapatsa, amakawoletsa kuseri kwa nyumba yawo kuti apange manyowa. Anzanga ankangowaponyera pansi kuti atole ndi manja. Ine ndinawaikira m'thumba langa lachigamba chofiira, chimene ndinasoka ndekha.

"Thumbali ndidzabweza," anatero.

Ndinaseka. Thumba n'chiyani?

Zinayamba ndi mazira. Katundu wathu tonse timatsekera m'kanyumba kamodzi kumapeto kwa msika, kiyi amasunga ndi mlonda. M'mawa wina wogulitsa mazira anabwezeredwa thireyi yonse. Dzira lililonse linali labwinobwino, lopanda ndi mng'alu womwe, koma ukaliswa m'kati munali mouma ngati wina wanyambita. Kenako maungu a mlamu wanga. Kenako kabichi wa anthu: masamba awiri akunja, m'kati mphako. M'kanyumbamo munayamba kumveka fungo la dothi lonyowa, chonsecho mvula inali itatha kalekale.

Mlondayo anali bambo wonenepa, wa nthabwala, amene ankandinyamulira dengu msana ukandivuta. Tsiku lina sanaseke.

"Mumamva chiyani m'kanyumbamo, bambo?" ndinafunsa.

"Kuyamwa."

"Makoswe?"

"Khoswe amatafuna, mayi. Ichi chimayamwa, n'kupuma, n'kuyambanso."

Lachisanu tinamupeza atakhala pakhomo pa kanyumbako, chipewa kumaso, kiyi m'manja, atafa kale. Amuna anayi anawerama kuti anyamule thupi. Anadzuka nalo mofulumira mpaka mmodzi anagwa chagada. Anayang'anana. Palibe ananena kuti munthu wonenepa uja akupepuka ngati dengu lopanda kanthu, koma tonse tinaona.

Woyamba kuloza chala anali wogulitsa nyama, amene timamutcha Chimpeni.

"Amene amatola nyenyeswa za katundu wa aliyense ndani? Amapita nazo kuti?"

"Ati manyowa," wina anatero.

"Manyowa! Dimba lake munaliona?"

Palibe anali ataliona. Amayi osesa aja anawathamangitsa masana omwewo ndi miyala. Ine sindinaponye, komanso sindinalankhule, ndipo zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Ndinangotola mpango wawo umene unagwa n'kuwapatsa pa geti. Chipumi chinali magazi. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso.

Koma kuyamwa kuja sikunasiye. Anyezi, mbatata, ngakhale matumba a nyemba ankasanduka makoko. Katundu wanga yekha ndiye ankatuluka m'kanyumbamo ali wolemera. Ogula anayamba kundanda pa benchi langa, ndipo ndinkaopa kukweza maso.

"Mlamu, feteleza wanuyo mumagula kuti?" anandifunsa mlamu wanga mokweza. "Tiuzeniko nafenso, kapena amagulitsa kwa odziwana okhaokha?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. Mwana wanga wamkazi anabwera kusukulu akulira, ati anzake amusunthira kutali pa desiki. Madzulo ake Chimpeni anaima patsogolo panga.

"Mawa tidula kabichi wanu pamaso pa anthu onse. Akapezeka wodzaza, mutsatira mnzanu uja njira yomweyo."

Anagula loko watsopano, natseka yekha, kiyi n'kuvala m'khosi. Kunyumba ndinalongedza zovala za ana osawauza chifukwa. Ndinkadziwa kabichi wanga: ndinamunyamula ndekha madzulo amenewo, mikono mpaka kuwawa.

Kutacha, msika wonse unali pakhomo pa kanyumbako. Ena anali atatola kale miyala, akuibisa kumbuyo. Loko anali monga anamusiyira. Chitseko chitatseguka, fungo lija linatiwomba, lamphamvu kuposa masiku onse. Chimpeni anakoka dengu langa ndi manja awiri, n'kudzandira nalo. Anatenga kabichi wamkulu, anagwetsa mpeni.

Mphako.

Wachiwiri, mphako. Anadula onse, thukuta likuchucha, mpaka womaliza. Ndinamva miyala ikugwa pansi mmodzimmodzi kumbuyo kwanga.

"Mlamu wanga ine!" Mlamu uja anandikumbatira akulira. "Akupwetekani nanunso! Mutikhululukire."

Wogulitsa mazira anathamanga kukandigulira tiyi, anathira shuga wambiri. Wina anandiyalira nsalu kuti ndikhale. Sindinaonepo anthu akukondwa chotero ndi tsoka langa, ndipo inenso, Mulungu andikhululukire, ndinathokoza mumtima.

Atabalalika ndinayamba kutola makokowo kuti ndikataye. Pansi pa dengu, pomwe dzulo lake panalibe kanthu, panali thumba lija lachigamba chofiira. Linali lochapidwa, lopindidwa kanayi bwinobwino, likadali lonyowa pang'ono.

Ndinalibisa m'nsalu yanga, n'kumaliza tiyi.