Makala a Pansi pa Bikoni

Lolemba pa 9 Juni 1997, nthawi ili 7 koloko m'mawa, a Robson Namulapa anatsika minibasi pa Khwiyani. Ankachokera ku Likhubula, kumene anakhala masiku asanu pamaliro a mlamu wawo. Asanafike n'komwe pakhonde, anaima. Pakhoma la nyumba yawo panali X wamkulu wa penti yofiira. Pentiyo inali itayenderera mpaka pansi.

Pachitseko panali pepala lokhomedwa ndi msomali. A Robson sukulu analekeza Sitandade 4, koma kuwerenga ankawerenga. Pepalalo linati nyumbayo inamangidwa papuloti ya eni ake, ndipo Lachisanu 9 koloko kudzabwera katapila kudzaigwetsa. Pansi pake panali chidindo cha Komiti ya Chitukuko cha Tauni ya Khwiyani.

Chitseko sanatsegule. Anapita kumalire. Kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi msewu, pankakhala bikoni, chipilala chachifupi cha simenti chosonyeza poyambira malo awo. Panalibe. Panali dothi losalazidwa bwino, lowazidwa masamba ouma. Bikoniyo anakaipeza kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chimbudzi, itaima ngati inabadwira pomwepo.

"Mwala wamera miyendo," anatero okhaokha.

Nyumbayo sinali yaikulu. Zipinda zitatu, malata adzimbiri. Koma njerwa zake anaumba okha ndi malemu akazi awo a Rosie, iwo akuponda dothi, a Rosie akutunga madzi. A Rosie anamwalirira m'chipinda cha kum'mawa. Kwa a Robson kwina kopita kunalibe, ndipo ngakhale kukanakhalapo sakanapita.

Chibwerere matipate, Khwiyani inasiya kutchedwa msika. Inali tauni tsopano. Malo onse a m'mphepete mwa msewu wopita ku Chitakale anasanduka ndiwo zonona, ndipo wogawa anali mlembi wa komiti, Godwin Thomola.

Pofika 9 koloko a Robson anali mu ofesi yake. Panja panali njinga yamoto yofiira, mpando wake udakali m'pulasitiki.

"Madala, khalani pansi," anatero Godwin, osadzutsa mutu.

"Sindinabwere kudzakhala. Wasuntha bikoni yanga ndani?"

"Palibe wasuntha kanthu. Bikoni nambala K14 ili pamalo pake. Onani pepala ili. Kuyambira pabikoni kukafika kumsewu ndi puloti ya a Spencer Mwakhiwa. Akumanga malo omwetsera mafuta. Inu munalowerera."

"Ndinalowerera zaka makumi atatu?"

"Kale kunalibe dongosolo, madala. Chitukuko sichidikira munthu."

"Koma chimadikira kuti mwini nyumba apite kumaliro."

Godwin anaseka. "Tulutsani katundu wanu pasanafike Lachisanu. Malata mukhoza kusasula, sitikanizani."

A Robson anayang'ana pawindo. "Njinga yabwino ija. Yagwa ndi mvula?"

Kuseka kunatha.

Kupolisi anapeza Sajeni Dyna Makhuwira, mayi wamtali wosakonda mawu ambiri. Pambali pake panali wapolisi wina amene ankayerekeza kulemba, khutu lili kwa iwo.

"Nkhani za malo ndi za kukhoti, bambo," anatero sajeniyo.

"Khoti lidzakhala liti?"

"Mwina Ogasiti."

"Katapila ndi ya Lachisanu. Ine sindikudandaula za malo. Ndikudandaula za kuba. Kusuntha bikoni si mlandu?"

"Ndi mlandu. Umboni muli nawo?"

A Robson anayang'ana wapolisi wolembayo. Pa moyo wawo anaona Azungu akupita, anaona chipani chimodzi chikugwa, ndipo pa zonsezo anaphunzirapo chinthu chimodzi: mawu olankhulidwa mu ofesi amakafika kwa mdani wako iwe usanafike kunyumba.

"Mubwere Lachisanu," anatero. "Mutenge unyolo. Khasu ndili nalo."

Sajeniyo anawayang'ana kanthawi. "Ndidzabwera kudzaonetsetsa kuti pasachitike chipolowe. Zinazo sindikulonjeza."

Chimene Godwin sankadziwa n'chakuti a Robson sanali wothyola tiyi wamba. Ali mnyamata anagwira ntchito zaka zisanu ndi zitatu akukoka tcheni cha wopima malo wa pa esiteti ya tiyi. Mu 1965, chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, esiteti inasiya malo a m'mphepetewa kuti anthu akhalepo. Dzenje la bikoni K14 anakumba ndi manja awo. Ankadziwa zonse zimene anaikamo asanakwirire.

Lachiwiri masana analowa mu tiirumu ya mayi Millie, pamene Lenard, mlonda wa ofesi ya komiti, ankamwera tiyi tsiku lililonse. Lenard anali bambo wa ana asanu ndi mmodzi, wamantha ngati nkhuku ya mlendo. Atawaona a Robson anaweramira m'kapu.

"Mwamva bwanji, a Namulapa, zimene akuchitirani?" anafunsa mayi Millie. "Ife tinangoona m'mawa penti ili psuu."

"Asiyeni. Ana a dzulo awa," anayankha a Robson mokweza. "Akuganiza kuti bikoni ndi simenti yokha. Kale tikamaika bikoni, pansi pake tinkathira makala. Makala saola. Lachisanu ndidzati akumbe pamene aimika chipilala chawocho. Akapanda kupeza makala, aliyense adzadziwa kuti n'chakuba."

Anatchula makala okha. Zinazo anazimeza pamodzi ndi tiyi.

"Mawa ndili ku Chonde tsiku lonse," anawonjezera. "Ndikukagula zomangira katundu, mwina n'kusamukadi."

Lenard anasiya tiyi wake theka.

Lachitatu a Robson anapitadi ku Chonde. Sanagule kanthu. Anakhala pansi pa mtengo kumsika, akudya nyemba zawo za kalongonda, mpaka 4 koloko. Atabwerera anazungulira kuseri kwa nyumba. Dothi lozungulira bikoni linali lofewa. Kuchokera kumpanda kunali mzere wa tayala la wilibala. Anagwedeza mutu, n'kulowa m'nyumba.

Lachisanu 8 koloko anthu anali atadzaza kale. Amayi a pamsika anasiya tomato wawo. Anyamata a njinga zakabaza anaimika njinga m'mphepete mwa msewu. Katapila inafika 9 koloko isanakwane, ikufuka utsi. Pambuyo pake panabwera galimoto yoyera ya a Spencer Mwakhiwa, amene sanatsikemo, anangotsitsa galasi. Godwin anafika pa njinga yake, atavala shati yoyera. Sajeni Makhuwira anaima pambali ndi wapolisi mmodzi.

A Robson anali atakhala pampando pakhonde, khasu lili pamiyendo. M'nyumba sanatulutsemo ngakhale supuni.

"Madala, nthawi yakwana," anatero Godwin.

"Uzani mwini katapilayo ayambire pano pamene ndakhala."

Godwin anatembenukira kwa anthu. "Abale anga, komiti yathu si yankhanza. Tamva kuti madalawa akunena kuti pansi pa bikoni yeniyeni pamakhala makala. Chabwino. Tikumbe, aliyense aone. Lenard, tenga khasu."

Onse anakhamukira kuseri. Lenard anagwetsa chipilalacho n'kuyamba kukumba. Dothi linkangochoka lokha. Dzenje litafika m'mawondo, khasu linagunda zakuda.

"Makala!" anakuwa wina.

"Ndi awo," anatero Godwin, atatambasula manja. "Mawu a madala omwe. Kodi pali funso?"

Mayi Millie anagwira pakamwa.

A Robson anawerama pang'onopang'ono, n'kutola khala limodzi. Analithyola. Linalira thwa! Anagwira mkono wa shati ya Godwin n'kulembapo X.

"Mukupenga kodi!"

"Sajeni, bwerani muone. Makala okhala pansi pa mvula ya Mulanje zaka makumi atatu ndi ziwiri, akulira chonchi? Akulemba ngati choko? Mayi Millie, awa mutaika pambaula sangayake?"

"Tiyi angapse pompano," anayankha mayi Millie. Anthu anaseka.

"Lenard, pitiriza kukumba," anatero a Robson.

Lenard anayang'ana Godwin. Sajeni anati, "Kumbani, bambo." Anakumba mpaka m'chiuno. Dothi lofiira lokhalokha, lolimba, losakhudzidwapo chilengedwere.

"Tsopano tiyeni kutsogolo," anatero a Robson.

Anaima pangodya ya khonde, n'kuyenda mapazi khumi ndi anayi kulunjika kumsewu. Anakankha masamba ouma ndi phazi. "Apa."

"Izi ndi zotaya nthawi," anatero Godwin. "Katapila yalipidwa pa ola."

"Idikire," anatero sajeni.

Lenard anakumba, thukuta likugwera m'maso. Pamwamba panali pofewa, pamene anazula chipilala. Pansi pake panali polimba. Atafika m'mawondo anatulutsa makala onyowa, omatirira dothi, mizu itapyozamo ngati ulusi.

"Choyamba icho," anatero a Robson. "Chimene ndinanena mu tiirumu. Pitiriza."

Khasu linalira ngwee. Anatulutsa magalasi a mabotolo osweka, obiriwira, okhuthala, a mtundu umene sunaonekenso m'sitolo chiyambire kale.

"Chachiwiri. Chimenechi sindinanene. Tsopano siya khasu, fukula ndi manja."

Lenard anagwada. Patapita kanthawi zala zake zinagwira chitsulo. Inali paipi yokhomedwa pansi, mutu wake wophwanyidwa ndi nyundo. A Robson anapempha madzi, n'kutsuka mutuwo ndi chala.

"Sajeni, maso anga atha. Werengani."

Sajeni Makhuwira anagwada, osasamala yunifomu. "K14."

"Tsopano werengani papepala la bwana mlembi."

Sajeniyo anatambasula dzanja. Godwin anazengereza, koma anapereka. "K14," anawerenga mokweza. Anapinda pepalalo n'kuliika m'thumba mwake. "Bambo Lenard, makala a kuseri aja anafikako bwanji?"

Lenard anali akadali chogwada m'dzenje.

"Ine ndinangotumidwa, bwana. Chipilala tinazula Lachinayi la sabata yatha, madalawa ali kumaliro. Makala ndinagula Lachitatu, anandituma ndi a Thomola. Anati ndikakana ntchito yatha. Ndili ndi ana, bwana."

"Wabodza uyu!" anakuwa Godwin. "Chidakwa!"

"Nanga X wa pakhoma analemba ndani?" anatero Lenard, mawu akukwera. "Si inu? Suja munati a Mwakhiwa akupatsani njinga, ine mundigulira nsapato? Zili kuti nsapatozo?"

Anthu onse anatembenukira kumsewu. Galasi la galimoto yoyera linali likukwera. Galimotoyo inabwerera m'mbuyo, n'kuliza matayala kulowera njira ya ku Muloza.

Godwin anathamangira njinga yake. Anaponda kamodzi, kawiri. Inalira. Koma amayi a pamsika anali ataima kale kutsogolo kwake, phewa ndi phewa, mayi Millie pakati.

"Mudutse pa ife, bwana chitukuko," anatero.

Nthawi inali 10:20 pamene unyolo unalira pamanja a Godwin Thomola. Woyendetsa katapila anazimitsa injini, n'kutsika, n'kunena kuti iye amangopita kumene wauzidwa.

"Nonse mumangopita kumene mwauzidwa," anatero a Robson. "N'chifukwa chake dziko lafika apa."

Mlandu unatha mu Okutobala. Lenard anakhala mboni ya boma. Khoti litafukula mapepala a komiti, linapeza mapuloti ena asanu ndi awiri ogulitsidwa mwa njira yomweyo, eni ake atathamangitsidwa kale. Godwin analamulidwa kukakhala kundende zaka zinayi. A Spencer Mwakhiwa sanapezeke. Ena ankati ali ku Milange, ena ankati amaoneka ku Limbe ali m'galimoto ina. A Robson sanadabwe. Ukonde wa boma, iwo ankatero, umagwira matemba okha.

Bikoni inabwerera pamalo pake. Koma X wofiira uja anakhalabe pakhoma.

Mu Disembala kunabwera mlembi watsopano wa komiti, waulemu, atanyamula chitini cha laimu.

"Agogo, tabwera kudzafufuta chizindikirochi. Chikuipitsa maonekedwe a tauni."

"Chisiyeni. Analemba ndi ofesi yanu. Aliyense wodutsa pamsewu aziwerenga."

Mlembiyo anaseka mwamanyazi, n'kuika chitini pansi. Anayang'ana kumalire.

"Ndamva kuti malo anuwa ali ndi mabikoni anayi. Kodi pansi pa atatu enawo palinso makala ndi mabotolo?"

A Robson anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu. Kenako anayang'ana kumsewu kuti aone chimene wakwera pobwera. Inali njinga yakapalasa, yakale.

"Mukadzagula yamoto," anatero, "mudzabwere mudzasunthe imodzi. Mudzaona."