Masitampa a Kuchilumba Kopanda Anthu

Banja la a Positimasitala linali laulemu, inu. Bambowo adagwira ntchito zaka makumi atatu, kalata ngakhale imodzi osasowa m'manja mwawo. Akazi awo ankasoka zovala pakhonde uku akung'ung'udza nyimbo za kwaya. Chitsirizira wawo anali mtsikana wa maso akuthwa, onse ankangomutchula Kamaso.

Bambowo anali ndi buku la masitampa, ndipo ankakonda kulitsegula mwanayo ali pambali.

"Iyi idanyamula uthenga wa ukwati. Iyi wa maliro. Waona chidindo? Sitampa ndi wantchito, mwanangu. Yopanda chidindo ndi mlesi wovala suti."

Kamaso atamaliza sukulu, bambo ake, omwe anali atapuma pantchito, adakamupemphera malo m'chipinda chosankhiramo makalata. Bwana watsopano sadafunse zambiri. "Ngati ndi magazi anu, mdala, ayambe Lolemba."

Tsoka lidayambira m'kakhwalala ka kuseri kwa msika, pakati pa ometa ndi osoka nsapato. Munali kasitolo ka zinthu zakale: mawotchi oima, magalasi a anthu omwe adatisiya kalekale. Mwini wake ankavala chijasi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, motero dzina lake lidangokhala Chijasi. Pawindo adayala masitampa okongola zedi, a mbalame zoyera, anangumi ndi mapiri a madzi oundana.

"Ndi a dziko liti amenewa, bambo?" adafunsa Kamaso.

"A zilumba zakutali, chemwali. Kumeneko kulibe munthu. Kulibe nyumba, kulibe manda."

"Nanga makalata amalembera ndani?"

Chijasi adaseka osaonetsa mano. "Kukoma kwake n'komweko. Palibe lilime lidanyambitapo. Ndalama sindifuna ine. Ubweretse yoyenda kale, yachidindo, ndikupatsa ziwiri."

Adamuninkha imodzi yaulere. Inkazizira m'manja ngati yachokera mufiriji.

Bambo ake ataiona adagwedeza mutu. "Ichi n'chithunzi chabe, wina wangosindikiza kuchipinda kwake. Dziko lopanda anthu positi aitenga kuti? Kataye."

"Ndipo wachijasi uja usamuzolowere," adatero mayi ake. "Msika wonse uli ntchentche zokhazokha, koma m'sitolo mwake sizilowa. Sudaone?"

"Ndamva, amayi."

Kumva kwake kuti! Adayamba ndi buku la bambo ake, kumatula masamba akumapeto komwe mdalayo sankafikako kawirikawiri. Atatha amenewo, maso adagwera pa makalata a kuntchito. Anzake akatuluka masana kukadya, iye ankaviika ngodya ya envulopu m'kapu ya madzi ofunda. Sitampa inkamatuka bwinobwino, koma madzi alibe malire, inu. Ankakwera pepala, inki n'kusungunuka, dzina ndi keyala n'kufufutika. Kalata yotero ukapereka kwa yani? Ankazibisa m'chikwama, kunyumba n'kukaziponya m'sutikesi pansi pa bedi.

Tsono panali mayi wina wamasiye, wochapa zovala za anthu, amene ankafika pawindo la positi Lachisanu lililonse akutsokomola.

"Mwanangu, yanga palibe? Mnyamata wanga ali kunja, adati adzalemba."

"Palibe, amayi. Mwina sabata yamawa."

Chonsecho kalata zake zidabwera zitatu. Dzina la mayiyo Kamaso adaliona asanaviike, koma masitampa ake anali a mtundu umene Chijasi ankaufuna kwambiri.

Buku lake la zilumba lidadzaza, mwini wake akutha. Adayamba kuvala juzi nyengo yotentha. Akalowa m'chipinda mwake masanasana ankamva mapepala akuchita tswatswatswa m'sutikesi, ngati anthu akunong'onezana pamaliro. Akaima chilili, zii. Akatembenuka, ayambanso.

Tsiku lina Chijasi, akumupatsa masitampa, adati, "Sutikesi ija ikadzaza undiuze. Ndili nayo ina yaikulu."

Kamaso adatuluka osatsanzika. Za sutikesi anali asanauzepo munthu.

Lachisanu lotsatira mayi wamasiye sadabwere. Linzakelo sadabwerenso. Kenaka zidamveka kuti chifuwa chija chawatenga. Kamaso adaperekeza mayi ake kumaliro, ndipo kumeneko adamuona mnyamata wakunja uja akugubuduka pafumbi, suti yonse mbuu.

"Ndidalemba katatu!" ankalira. "Ndidawapezera dokotala, tikiti ndidaika m'kalata momwemo. Sadayankhe. Ndimayesa andikwiyira, ine!"

Kamaso sadadikire nyimbo yachiwiri. Adathamangira kukakhwalala kuja kuti akabweze masitampa onse, koma adapeza chitseko chili pululu, mashelefu mbee, m'kati mukuzizira.

"Wasamuka m'mawa," adatero wometa, lumo lili m'manja. "Wasiya mawu. Akuti masitampa akwawo uli nawo ambiri, uzimulembera."

Madzulo asanakwane, Kamaso adakoka sutikesi mpaka pabalaza n'kugwada. Bambo ake adatsegula. Makalata ouma gwa, opanda maina, mazanamazana. Mayi ake adagwira pakamwa. Mdalayo sadamenye, sadakalipe. Adangofunsa motsitsa mawu, "Za mayi aja zili m'menemu?"

"Zilimo, ababa."

"Senza. Tiye."

Polowera ku positi adadutsa pakati pa msika, sutikesi ili pamutu pa Kamaso, anthu akusiya malonda kuti aone bwino. Ntchito idathera pomwepo, ndipo khoti lidamugamula miyezi isanu ndi umodzi. Mdalayo, ndi chilolezo cha bwana, adakhala akuwerenga makalata aja imodziimodzi kuti apeze eni ake, n'kumayenda khomo ndi khomo chipewa chili m'manja. Ena adamulandira, ena adamutsekera chitseko.

Zitatu zija adakapereka kwa mnyamata wofedwa. Iye adatsegula imodzi, natulutsa tikiti yosagwiritsidwa ntchito, n'kuibweza m'manja mwa mdalayo.

"Mukam'patse mwana wanu. Paja amakonda kusunga mapepala."

Kamaso adalapa, ndipo Mulungu amakhululuka. Koma kulapa sikudzutsa wakufa. Ana inu, kuba kulibe kwakung'ono. Kanthu ka mwini, ngakhale kachepe ngati chikhadabo, kumbuyo kwake kuli munthu amene akudikira. Makolo akati taya, tayani.