Mvula Idya Chithunzi cha Amayi

Juliana ankakhala ku Mtiya ndi agogo ake. Amayi ake anapita ku Joni kukafuna ntchito. Anapita kalekale. Sanabwerebe.

Asanapite, amayi anajambula chithunzi pakhoma la nyumba, kunja. Anajambula ndi dothi lofiira. Pamwamba anajambula phiri la Zomba. Pansi anajambula nyumba. Pakhomo anajambula thadzi ndi kamwanapiye kamodzi.

"Thadzi ndine. Kamwanapiye ndiwe," anatero amayi.

Juliana ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna chithunzicho chikhalepo mpaka amayi abwere.

Koma ana inu, mvula ya ku Zomba si yocheza nayo. Imatsika m'phiri. Sinena odi. Imabwera chammbali, ndi mphepo.

Lolemba mvula inamenya khoma. Denga la pachithunzi linasungunuka. Juliana anaphimba chithunzi ndi thumba. Mphepo inatenga thumba.

Lachiwiri mvula inamenyanso khoma. Chitseko cha pachithunzi chinasungunuka. Juliana anaphimba chithunzi ndi masamba a nthochi. Mphepo inatenga masamba.

"Lowa m'nyumba, iwe," anatero agogo. "Udwala chifuwa. Mphezi ikukuona. Khomalo likugwera."

Lachitatu kamwanapiye kanapita. Thadzi linatsala mutu wokha. Phiri lokha silinanyowe. Linali pamwamba, pafupi ndi denga lenileni.

Agogo anayang'ana khoma. Anapukusa mutu.

"Waona? Ndi mmene zimakhalira," anatero. "Phiri silitha. Chimatha ndi nyumba."

"Agogo, ndipite kumtsinje? Ndikatape dothi lina."

"Usayerekeze. Likangala wadzaza. Amatenga mbuzi, iweyo angakusiye?"

"Nanga kuphiri?"

"Kuphiri kukugwa miyala. Khala pansi."

Lachinayi mutu wa thadzi unapitanso. Panalibe nyumba. Panalibe thadzi. Panalibe kamwanapiye. Panatsala phiri lokha.

Juliana anakhala pakhonde. Analira, analira. Agogo anamuitana kuti adye. Sanadye.

Ali chiweramire, anaona kanthu. M'munsi mwa khoma munali matope. Matopewo anali ofiira psuu. Linali dothi la amayi lija. Mvula inalitsitsa, koma sinapite nalo.

Juliana anatenga supuni. Anatenga mbale. Anapala, anapala, anapala.

"Agogo, thadzi silinapite kutali. Lili m'mbale muno."

"Mbale yodyera imeneyo, iwe," anatero agogo.

Anayang'ana m'mbalemo.

"Lowa nalo m'nyumba," anatero. "Kunja mvula ilidyanso."

Dothi linali lochepa. Silinakwane phiri. Silinakwane nyumba. Linangokwana thadzi ndi kamwanapiye.

Anasankha khoma la kumene Juliana amayala mphasa. Agogo anaviika chala m'mbale. Juliana anagwira dzanja lawo. Anajambula onse awiri, pang'onopang'ono.

Kunja mvula inali isanaleke. Inkamenya khoma. Koma m'nyumba sinalowe.

Khosi la thadzi linapindika. Mlomo unatalika.

"Likuoneka ngati bakha," anatero Juliana.

"Amako ali mwana ankajambulanso abakha okhaokha," anatero agogo.

Juliana anaseka. Agogo anasekanso, pang'ono pokha. Anamupukuta misozi ndi chitenje.

Juliana anatambasula dzanja kuti akhudze kamwanapiye.

"Chotsa zala, iwe," anatero agogo. "Sikanaume."