Makapu a M'munda mwa Abiti Mohamedi

Habiba anafika kumunda dzuwa likuswa mtengo, lichero lili pamutu, nkhope ili gwa. M'licheromo simunali chimanga kapena nandolo. Munali makapu a boma amene iye yemwe anafukula ndi khasu la amayi ake.

Nkhaniyi inayamba m'dzinja, pamene anthu ofufuza za miyala ochokera ku Zomba anafika m'midzi ya kumunsi kwa phiri la Chaone, m'boma la Kasupe. Ankakumba maenje ofika m'bondo, kuvundikiramo kapu yapulasitiki n'kukwirira. Patapita masabata angapo anabweranso kudzafukula. Kenako kunamveka kuti makapu a m'munda mwa Abiti Mohamedi, amayi a Habiba, asonyeza zoposa ena onse. A Jasten, tcheyamani wa nthambi ya chipani, anali munthu wosachedwa kuphika nkhani isanasendedwe. Pamsonkhano analengeza kuti pansi pa mundawo pali mwala wamtengo wapatali, choncho banjalo likakolola lisadzalimemonso. Masiku amenewo tcheyamani akayankhula munthu sankafunsa. Anthu anawomba m'manja, ndipo Abiti Mohamedi, mayi wamasiye wopanda munda wina, anawombanso misozi ikulengeza m'maso.

Habiba yekha sanawombe. Anali mu Sitandade 7, mtsikana wamtima wapachala amene ngakhale aphunzitsi ankamusankhira mawu. Chilimwe chitakhwima alendo aja anabweranso n'kukwirira makapu ena. Kwa Habiba, makapuwo anali zizindikiro zolandira malo. Galimoto lawo litangokhota, anafukula onse n'kukawabisa munkhokwe.

Tsopano a Lucius, mmodzi wa ofufuzawo, anali atabwera kudzatenga makapu awo. Anaima pakati pa maenje opanda kanthu, manja ali m'chiuno. Habiba anatula lichero pamapazi pawo, osagwada.

"Katundu wanu uyu. Ndinazula ndine, amayi sakudziwapo kanthu. Ngati mukufuna kuitana ayufi a chipani, aitaneni."

A Lucius anatola kapu imodzi n'kusuzumira m'kati. "Unafukula liti?"

"Tsiku lomwe munakwirira. Ndinakawabisa munkhokwe."

Bamboyo anakhala pansi pa mzere wouma. Habiba ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo mayankho anali atakonza kale. Koma a Lucius anafunsa mofatsa.

"Mwana iwe, ukuganiza kuti makapuwa ndi a chiyani?"

"Olandira munda wathu."

"Iyayi. M'nthaka muli mpweya wina wotchedwa radoni, wochokera m'miyala. Suoneka, sununkha. Kapepala kali m'kati mwa kapuka ndi kamene kamatisonyeza kuchuluka kwake. Koma mpweyawu sukhala chimodzimodzi chaka chonse. Dothi lanuli ndi lamakande. Mvula ikagwa limamatana pamwamba ngati chivindikiro pamphika, ndiye mpweya umaunjikana pansi. M'chilimwe limang'ambika, mpweya n'kumatulukira m'ming'alu iyi ukuiona. Tinayeza m'dzinja, n'chifukwa chake makapu anu anasonyeza wambiri."

Habiba anayang'ana ming'alu imene inali paliponse m'mundamo. "Ndiye kuti mwala uja palibe?"

"Ine ndikukhulupirira kuti palibe. Ukanakhalapo, makapu a m'chilimwe akanasonyezabe wambiri. Ndinatsutsana nawo akuluakulu anga, iwo n'kundipatsa chilimwe chino kuti ndiwatsimikizire. Mboni zanga zinali zimenezi." Analoza lichero lija. "Wazisunga munkhokwe."

Manyazi anamugwira Habiba, koma mkwiyo unali usanathe.

"Nanga bwanji simunatiuze?"

"Tinawauza a tcheyamani."

"Mundawu ndi wa a tcheyamani? Mumalowa m'munda mwa eni, mumakumba, mumapita, ngakhale moni kwa amayi osapereka. Ife tikanalota?"

A Lucius anavula chipewa, n'kupukuta thukuta. "Pamenepo walasa. Tinalakwa. Koma nawenso pakamwa uli napo, ndipo ndaona kuti sipochepa. Ukanandifunsa."



M'galimoto munali mutatsala makapu ena atsopano. A Lucius anati sakauza ayufi, ndipo angathe kuyesanso, bola mvula isagwe kwa masabata angapo. Onse awiri anayang'ana kummawa, cha ku nyanja ya Chilwa, kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Habiba sanadikire kuuzidwa. Anatenga khasu n'kuyamba kukumba maenje atsopano m'dothi louma gwa, mpaka matuza anaphulika m'manja. Madzulo anawafotokozera amayi ake zonse. Abiti Mohamedi anangoti, "Allah ndiye adziwa," n'kupitiriza kusankha mbewu ya chimanga.

Kuyambira tsiku limenelo Habiba anasanduka mlonda. Akaweruka kusukulu ankathamangira kumunda kukaingitsa mbuzi ndi ana osaka mbewa. Anzake ankamuseka kuti walembedwa ntchito ya boma yopanda yunifolomu. Iye sankawamva, maso ake anali kumwamba. Mudzi wonse unkapempherera mvula, iye yekha n'kumapempha kuti ichedwe.

Sabata isanathe, mphepo inatembenuka. Fungo la dothi lonyowa linafika kusukulu mvula isanafike, ana n'kuyamba kukuwa ndi chisangalalo. Habiba anatuluka m'kalasi osapempha chilolezo. Pofika kumunda anali atanyowa thupi lonse. Sichinali chizimalupsa chongowaza fumbi, inali mvula yodzalira. Anaima n'kumaona ming'alu ikumeza madzi, kenako n'kutsekeka umodzi ndi umodzi. Analira mokweza, poti panalibe womumva.

Kutacha, aliyense anali m'munda mwake ndi mbale ya mbewu. Kwa Abiti Mohamedi kunabwera a Jasten ndi ayufi awiri a malaya ofiira, atanyamula zikhomo ndi nyundo. Uthenga wochokera ku Zomba unali utanena kale kuti kuyeza kwa m'chilimwe kukalephereka, mundawo usalimidwe kufikira adzayezenso chilimwe chinacho. Achimwene awo a Abiti Mohamedi anali atawabwereka kachigawo kamiyala kumtunda kwa phiri, kosakwana kudyetsa banja mpaka kukolola kwina.

"Chitukuko chimafuna kudzipereka, mayi," anatero a Jasten, akuloza poti akhome chikhomo choyamba.

Abiti Mohamedi anawerama. Habiba anapita patsogolo pawo.

"A tcheyamani, anthu aja anakuuzani kuti adzayezanso. Inu pamsonkhano munati mwala wapezeka."

Ayufi aja anasiya kukhoma. Amayi ake anamukoka chitenje, koma iye sanasunthe.

"Ukuyankhula ndi ndani, mwana iwe?"

"Ndi inuyo, bambo. Chaka chino tigona ndi njala, ndipo mbali ina ndalakwitsa ndine. Koma zikhomo zanuzo musazizamitse kwambiri. Chilimwe chikubwerachi ndidzakhala pano kuyambira tsiku lokwirira mpaka lofukula, ndipo mudzazizula nokha."

 Anthu a m'minda yoyandikana anali ataweramuka, mbale zili m'manja, kumvetsera. Tcheyamaniyo anatsokomola n'kuuza anyamata ake kuti afulumire, kuli ntchito zina.

Habiba anasenza makasu awiri. Amayi ake anatsogola ndi mbale ya mbewu, kulowera kuphiri. Atayenda kanthawi, Abiti Mohamedi anaima n'kucheukira munda wawo, dothi lakuda lonyowa bwino, lopanda phando ngakhale limodzi.

"Linali lokonzeka," anatero motsitsa mawu.

Habiba anawalanda mbale ija kuti apepukidwe, n'kuyamba kukwera.