Gweru la Korotimi

Korotimi anali ndi dzino logwedera. Linkagwedera uku. Linkagwedera uko.

Bambo ake, a Lassina, analigwira ndi chala.

"Likaguluka, ndiyambe ndine kuona gweru lako," anatero. "Wamva?"

"Ndamva, Ababa. Muyamba ndinu."

A Lassina anali telala mumzinda wa Bobo-Dioulasso. Ankakonda kusoka. Ankakonda tiyi. Koma galimoto zakale ndiye ankazikonda mopitirira muyeso.

Tsiku lina kuchipata kunamveka phokoso. Gwedede! Gwedede! Bulu ankakoka galimoto. A Lassina ankakankha kumbuyo. Ankamwetulira, mano onse pamtunda.

Galimotoyo inali ya ku Faransa. Inali yakalekale. Kutsogolo dzimbiri. Kumbuyo dzimbiri. Chitseko china anachimanga ndi waya.

Amayi ake a Korotimi, a Sita, anagwira m'chiuno.

"Bambo a Korotimi, mwagula khola la nkhuku?"

"Khola? Iyi ndi mfumukazi ya pamsewu! Ingofunika kuikonza pang'ono."

"Pang'ono? Taonani, ndi bulu yemwe akuchita nayo manyazi."

A Lassina sanamve n'komwe. Anachotsa matayala. Anaikhazika galimoto pa njerwa. Kenako anakwawira pansi pake. Kunja kunangotsala mapazi.

Mawa lake Korotimi ankadya chimanga chootcha. Analuma kamodzi. Analumanso. Dzino lija linaguluka!

Korotimi anatseka pakamwa ndi dzanja. Anathamangira kugalimoto. Anapeza mapazi.

"Ababa, tulukani muone!"

"Ndikubwera, mwanangu," mawu anatero pansi pa galimoto. "Tandipatsa sipanala."

Korotimi anapereka sipanala. Anadikira. Anadikirabe. Mapazi sanasunthe.

Aaa, koma Ababa!

M'mawa a Lassina ankapita kosoka Korotimi asanadzuke. Akaweruka, ankangofikira pansi pa galimoto. Akamatuluka, Korotimi amakhala atagona kale.

Korotimi sanaphwanye lonjezo lake. Kusukulu, dzanja pakamwa. Kumsika, dzanja pakamwa. Mnzake Alimatou anamuuza nkhani yoseketsa. Korotimi anaseka ndi mphuno basi. Kuseka ndi mphuno n'kowawa, abale!

"Tandionetsa ine," anatero Amayi. "Sindiuza munthu."

"Ayi," Korotimi anayankha kuseri kwa dzanja. "Ayamba ndi Ababa."

Madzulo anapitanso kugalimoto. Anapezanso mapazi.

"Ababa, tulukani muone!"

"Ndikubwera, mwanangu. Tandipatsa kansanza."

Korotimi anapereka kansanza. Anadikira. Anadikirabe. Chala chachikulu cha kuphazi chinagwedezeka pang'ono. Basi.

Aaa, koma Ababa!

Amayi anabwera ndi kapu ya madzi a chidede. Anaiika pafupi ndi mapazi.

"Mwaswera bwanji, a Mapazi?" anafunsa. "Mukakumana ndi amuna anga, muwapatse moni."

"Ndatsala pang'ono!" anatero mawu aja. Dzanja lakuda bii linatuluka. Linatenga kapu. Linalowanso.

Tsiku lina m'mawa Korotimi anayendetsa lilime pa gweru. Anamva kanthu kolimba. Anayang'ana pagalasi. Kanali koyera. Kanali kakang'ono. Dzino latsopano linali litayamba kumera!

Mtima wa Korotimi unawawa. Gweru litsekeka posachedwa. Ababa saliona. Amayi saliona. Alimatou saliona. Palibe aliyense alione!

Madzulo Korotimi anaima pafupi ndi mapazi. Anali atakwiya kwabasi.

"Ababa, tulukani muone!"

"Ndikubwera, mwanangu. Tandipatsa tochi. Kuno kuli mdima."

"Zandikwana!" anatero Korotimi.

Anatenga tochi. Koma sanaipereke. Anagwada pansi. Anagona chafufumimba. Anakwawa, anakwawa, mpaka pansi pa galimoto.

Kunkanunkha oyilo. Kunali fumbi. Ndipo nkhope ya Ababa inali pomwepo!

"Eya, wabwera," anatero a Lassina osacheuka. "Unika bawuti iyi."

Korotimi anayatsa tochi. Sanaunike bawuti. Anaunika m'kamwa mwake.

"Iiiii!" anatero, mano onse poyera.

A Lassina anacheuka. Maso anatong'oka.

"Gweru! Laguluka!"

Anadzuka mofulumira. Anaiwala kuti pamwamba pali chitsulo. Go! Mutu unagunda.

"Mayo ine!" anakuwa. Kenako anayamba kuseka. "Laguluka liti?"

"Kalekale, Ababa! Ndakhala ndikukuitanani. Dzanja langa latopa ndi kutseka pakamwa."

"Ndipo palibe amene waona?"

"Palibe. Munati muyamba ndinu."

A Lassina anasiya kuseka. Anaika sipanala pansi.

"Pepa, mwanangu. Ndakulakwira. Taunikanso ndione bwino."

Anayang'ana nthawi yaitali. "Gweru lokongola chotere sindinalionepo," anatero.

Onse awiri anatuluka. Onse awiri anali bii ndi oyilo.

"Amayi, bwerani muone!" anakuwa Korotimi.

Amayi anabwera. Anaona gweru. Anawomba m'manja.

"Lero ndaona zodabwitsa ziwiri," anatero. "Gweru, ndi nkhope ya amuna anga."

A Lassina anamasula waya wa pachitseko.

"Kwerani nonse! Tikazungulire mzinda. Anthu aone gweru la mwana wanga."

"Pa njerwa?" anafunsa Amayi. Koma anakwera.

Korotimi anakhala kutsogolo. A Lassina anagwira chiwongolero. Injini inali duu. Ndiye iwo analiza ndi pakamwa. "Vuuum! Vuuum!"

Nkhuku inadutsa kutsogolo kwa galimoto. A Lassina anadina hutala. Zii. Anadinanso. Zii.

"Aaa, nayonso hutala yafa!" anadandaula.

"Dikirani, Ababa," anatero Korotimi.

Anaika lilime pa gweru. Anapuma kwambiri. Anauzira.

"Fyoooo!"

Nkhuku inathawa, kweee, mpaka kuchipata.

"Hutala iyi yokha musaikonze," anatero Amayi.

Onse anaseka. Korotimi anaseka kuposa onse, pakamwa pali yasa.