Akaunti Yofufutidwa ya a Hopewell

Spencer anafika ku Mulanje ndi digiri, laputopu ndi matama. Analembedwa ntchito yoyang'anira makompyuta pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chinakanaka. Iye ankawatcha anthu a kumeneko odya kalongonda, ndipo sankatsitsa mawu ponena zimenezo.

Amene ankamunyansa kwambiri anali a Hopewell, bambo wachikulire amene anasamala seva ya esitetiyo kwa zaka zambiri. Sevayo, kompyuta yaikulu yosunga mafayilo onse, inkakhala m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa fakitale. Madzulo aliwonse a Hopewell ankapitako wapansi, kuipukuta fumbi ndi kukopera mafayilo a tsikulo.

"Mdalayu amaiyesa mbuzi yoti azikaitsekera m'khola," ankatero Spencer.

Iye anabwera ndi pulogalamu yolowera mu seva uli kutali. Tsiku loyamba kuiyesa, ali pampando kunyumba kwake, analemba lamulo lolakwika pa kawindo kakuda kolembapo malamulo. Zolemba za mvula ndi za mankhwala opopera m'minda, za zaka makumi atatu, zinafufutika zonse. M'mawa anauza manejala, mayi Brenda, kuti mdala uja ndiye wasokoneza. A Hopewell anapempha kuti aone kaundula wosonyeza amene analowa mu seva. Spencer anali ataupukuta kale.

Kampani inawachotsa ntchito a Hopewell. Anatuluka m'nyumba ya kampani n'kukakhala kwa mwana wawo Esteri ku Likhubula. Patatha milungu iwiri anagwa pakhonde, n'kufa ziwalo mbali imodzi. Kuyenda kunatha, kulankhula kunatha. Spencer atamva anati ndi ukalamba, ndipo tsiku lomwelo anafufuta akaunti yawo.

Lachinayi lina mu Juni kunali chiperoni. Phiri silinaoneke tsiku lonse, ndipo pofika sikisi koloko kunali kutada bii. Mkazi wa Spencer, Tamanda, anakhoma chitseko n'kukagona msanga chifukwa cha mutu. Spencer anatsala pabalaza, akuyesa pulogalamu ina yatsopano imene anaipeza yaulere.

Inalumikiza bwinobwino. Analemba lamulo loonetsa anthu amene ali mu seva pa nthawiyo. Panatuluka mayina awiri. Loyamba linali lake. Lachiwiri linali hopewell, ndipo mzerewo unkasonyeza kuti munthuyo sakulowera patali. Ali pa kiyibodi ya seva yeniyeniyo.

Spencer anaseka. Zaulere ndi zaulere basi. Analemba lamulo lomutulutsa munthuyo, dzinalo n'kuchoka. Asanachotse zala pa kiyibodi, linabwereranso.

Anaimbira a Felix, mlonda wa kufakitale, n'kuwafunsa mwaukali kuti alowetsa ndani m'kachipinda ka seva. A Felix anati loko ali pomwepo, ndipo kiyi anatenga ndi iyeyo bwana. Kenaka anatsitsa mawu. Spencer ankamva mpweya wawo pafoni.

"Koma bwana, mkatimu muli kugogoda. Pang'onopang'ono. Ngati munthu akulemba ndi chala chimodzi."

Spencer anawauza kuti asiye kachasu pa ntchito, n'kudula foni.

Atabweza maso pa sikirini, kamzere kothwanima kosonyeza polembera kanali kakuyenda kokha. Chilembo chimodzi. Kupuma. China. Anayang'ana manja ake. Onse awiri anali pa mawondo.

Mawuwo anati: Bwana Spencer, mwalowa osanena odi.

Anadziuza kuti ndi mnyamata wina wa ku Blantyre amene waba pasiwedi. Ndani kuno angadziwe zoterezi? Anazimitsa intaneti pa laputopu. Anazimitsanso foni imene inkapereka netiweki, n'kuiponya pa sofa. Tsopano panalibe chingwe kapena mphepo yomulumikiza ndi fakitale.

Zilembo sizinasiye.

Mayina a mafayilo anayamba kutsika pa sikirini. Mvula 1994. Mvula 1995. Mvula 1996. Iliyonse inkabwera payokha, mosafulumira, monga mmene munthu wodwala amakwerera masitepe. Spencer anatseka laputopu mwamphamvu.

Pamenepo ndi pomwe anamva kulira kwa fani. Kunali kung'ung'uza kuja kwa m'kachipinda ka seva, koma kunkamveka pabalaza pake pomwepo. Kunazizira. Kunabwera fungo la tiyi wofota ndi la sopo wofiira amene a Hopewell ankachapira malaya. Anafuna kuitana Tamanda, koma lilime linali lolemera. Mwendo wamanzere unakana kudzuka.

Anatsegulanso laputopu ndi dzanja limodzi lomwe linkamvera. Pansi pa mafayilo panali mzere umodzi: Bwerani mudzaone nokha.

Zimene akukumbukira zimathera pamenepo.

Tamanda anadzuka tambala atalira kachiwiri. Chitseko chinali chokhoma mkati monga anachisiyira. Laputopu inali patebulo, nsapato pansi pa mpando. Mwamuna kunalibe.

Nthawi yomweyo, kufakitale, mtunda wa makilomita asanu ndi awiri kuchokera kunyumbako, a Felix ankamva munthu akubuula m'kachipinda kokhoma. Sanayandikire. Anathamangira kwa mayi Brenda, amene ankasunga kiyi wina. Pofika, othyola tiyi anali atayamba kusonkhana ndi madengu awo kumsana.

Anatsegula loko. Spencer anali pampando wa a Hopewell, atavala vesiti ndi kabudula. Mafayilo onse otayika aja anali atabwerera. Pa sikirini panali kalata yolembera manejala, yofotokoza tsiku, ola ndi lamulo limene anafufutira zonse, komanso mmene anapukutira kaundula. Pansi pake panali dzina lake.

Ngakhale pamenepo anayesa kukweza mawu. Anati ndi akuba a pa intaneti, zinthu zimene anthu a kuno sangazimvetse. Mayi Brenda anawerenga kalatayo mpaka kumapeto, kenaka anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akubawo ndi amene akulowetsani pa loko wokhoma, a Spencer?"

Spencer anadzuka n'kutuluka. Amayi othyola tiyi anamupatukira njira, osati mwaulemu. Mmodzi analavula pambali. Loweruka anakwera minibasi ya ku Limbe, katundu n'kumutsatira pambuyo.

Nkhaniyi pamsika wa Chinakanaka amaikamba motsitsa mawu. A Felix amalumbira kuti mapazi a Spencer anali oyera mbee, opanda ngakhale kadontho ka thope, pamene chiperoni chinanyowetsa njira usiku wonse. Munthu woyenda yekha sakanafika choncho. Ndiye kuti anachita kunyamulidwa.

Za amene anamunyamula, anthu amangoloza ku Likhubula ndi mlomo. Akuti m'mawa womwewo Esteri atavundukula bulangeti kuti awasambitse bambo ake, anapeza miyendo yonse iwiri ili ndi matope ofiira mpaka m'mawondo, wamoyo ndi wakufa womwe. Anatenga beseni, anawasambitsa, ndipo sanawafunse kanthu.